Chipale Chofewa, ndi Chisanu Chimene Chipha Munthu

Ana inu, mudziwa mmene kukhalira kuno kwathu m'mwezi wa Juni ndi wa Julayi. Tambala alira, koma palibe mwana afuna kutuluka m'gombeza. Amayi akoleza moto, ndipo nonse muunjikana pamenepo, manja kutsogolo. Potuluka kunka kusukulu muona nkhungu itagona m'dambo ngati nsalu yoyera, ndipo mapiri a Dowa ndi a Ntchisi abisala m'mitambo. Mpweya wotuluka m'kamwa mwanu uoneka ngati utsi. Mufika m'kalasi zala zitauma, kotero kuti pensulo ikana kugwirika; miyendo yatuwa, milomo yang'ambika; ndipo aphunzitsi, pokumverani chisoni, akutulutsani kuti mukaphunzire padzuwa. Pamenepo nonse munena kuti kwazizira.

Inde, kwazizira. Koma chisanu chathuchi ndi mwana chabe. Amake akhala kutali kum'mwera, ndipo abale athu ambiri opita ku Joni anakomana nawo maso ndi maso. Ena a inu mudzayenda ulendo womwewo mutakula. Chifukwa chake nkwabwino kuti muphunzire muli pano za chisanu chachikulucho, ndi za chinthu choyera chimene chigwa nacho kuchokera kumwamba.

Chipale chofewa nchiyani?

Matalala muwadziwa. Agwa m'dzinja, pamodzi ndi mabingu ndi ziphaliwali. Ndi olimba ngati timiyala. Aboola masamba a fodya, ang'amba chimanga, ndipo mvula ikakata ana athamanga kukawatola ndi kuwaika m'kamwa. Chipale chofewa ndi mbale wake wa matalala, pakuti zonse ziwiri ndi madzi oundana. Koma makhalidwe ake ndi ena.

Mumpweya umene tipuma muli madzi osaoneka ndi maso, ndiwo nthunzi. Nthunziyo ikakwera kumwamba izizira, nisanduka timadontho tating'ono, ndipo timadontho tambirimbiri pamodzi ndiwo mtambo. Koma kumwambako kukazizira koposa, kupyola pamene madzi aundana, nthunzi isanduka timaluwa ta madzi oundana, topepuka ngati nthenga ya mwanapiye. Munthu akayang'ana kaluwa kamodzi ndi galasi lokuza zinthu, aona kuti kali ndi nsonga 6, monga momwe chipinda chilichonse cha m'chisa cha njuchi chili ndi mbali 6. Timaluwato tigwirana, titsika pang'onopang'ono ngati thonje louluka ndi mphepo. Mvula ikagwa padenga la malata timva tonse, ngakhale ogona tulo. Chipale sichimveka konse. Munthu agona dziko lili monga mwa masiku onse, nadzuka m'mawa bwalo, madenga, mitengo ndi njira zonse zili mbuu, ngati wina wakhuthulapo ufa woyera wa nkhokwe zonse za m'mudzi.

Pa choyesera kutentha, madzi aundana pa 0. Thupi la munthu wamoyo likhala pa madigiri 37. Sungani manambala awiriwa, pakuti tidzawafunanso kutsogoloku.

Chipale chikangogwa kumene chichuluka ndi mpweya m'kati mwake. Mukatapa chipale chozama masentimita 10 ndi kuchisungunula, mupeza madzi ozama ngati sentimita imodzi yokha. Ndipo nachi chodabwitsa: mvula yambiri ya mabingu imene igwa pa Mponela m'Januwale iyamba ulendo wake pamwamba pa mtambo ili madzi oundana. Potsika ipeza mpweya wofunda, nisungunuka isanafike pa minda yathu. Motero chipale chipangika pamwamba pa mitu yathu chaka ndi chaka, koma sitichiona.

Makolo athu analibe dzina la chinthu chimene sanachione. Pamene amishoni ndi aphunzitsi a kuno anali kutembenuza Buku Lopatulika, limene linatuluka m'chaka cha 1922, anavutika nalo liwu limeneli. M'malo ena analemba matalala, m'malo ena chipale chofewa. Anthu a masiku ano ambiri angoti sinowo, potengera Chingerezi.

Chifukwa ninji sichigwa kwathu?

Zinthu ziwiri zizizitsa dziko. Choyamba ndicho kutalika kwa malo pamwamba pa nyanja yamchere. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kutsika ndi madigiri 6, kapena kuposapo pang'ono. Ichi muchidziwa kale ngakhale simunachiwerenge. Salima ali m'munsi, pa mamita ngati 500, ndipo kumeneko anthu agona osafunda masiku amene ife a pa Mponela, okhala pa mamita ngati 1,200, tifuna gombeza. Pa Nyika ndi pamwamba pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, udzu uyera ndi chisanu m'mawa wa Julayi, ndipo madzi a m'tizithaphwi aundana.

Phiri la Kilimanjaro m'dziko la Tanzania lili kufupi ndi mzere wapakati wa dziko lapansi kuposa ife, kumene dzuwa liwala mwamphamvu. Koma popeza litalika mamita 5,895, pamutu pake pali chipale. M'chaka cha 1848 mmishoni wina wa ku Germany, dzina lake Johannes Rebmann, analiona phirilo, nalemba kalata kwao yonena za nsonga yoyerayo. Anthu ena ophunzira a ku London anamtsutsa, poganiza kuti m'dziko lotentha chotere simungakhale chipale. Iwo anali asanapondepo m'Afrika. Anthu a m'tsinde mwa phirilo akadawauza zoona, akadafunsidwa.

Chachiwiri ndicho kutalikira kwa malo kuchokera pa mzere wapakati uja. M'mwezi wa Juni dzuwa lipendekera kumpoto. Imani pabwalo masana enieni, ndipo mudzaona chithunzithunzi chanu chitaloza kum'mwera. Dzuwa lopendeka silitentha kwambiri, ndipo usana ufupika. Pa 21 Juni usana wa kuno ukhala wa maola 11 ndi mphindi ngati 20. Wa ku Johannesburg ukhala wa maola 10 ndi theka basi, pakuti mzindawo utalikira mzere wapakati kawiri kuposa ife. Ndiponso Johannesburg anamangidwa pamwamba, pa mamita ngati 1,750, kulingana ndi nsonga ya phiri la Ntchisi, kapena kuposapo. Zinthu ziwiri zija zikomana kumeneko.

Kupyola South Africa kulibenso dziko la anthu. Kuli nyanja yozizira, ndipo patsidya pake kuli Antarctica, dziko lokutidwa ndi madzi oundana chaka chonse. Kumeneko, pa 21 Julayi 1983, anthu anayesa chisanu cha madigiri 89 kunsi kwa 0. Mphepo yochokera ku nyanja yoziziayo ifika poyamba ku Cape Town, nikwera mapiri a Drakensberg ndi a Lesotho, nigwetsako chipale. Yotsalayo iyenda ndi gombe la Mozambique, nifunda m'njira, nifika kwathu itatha mphamvu. Ndiyo imene a ku Thyolo ndi ku Mulanje aitcha chiperoni, ndi kamvula kake kowaza masiku awiri kapena atatu. Dzinalo lichokera ku phiri la Chiperone la m'Mozambique. Kunyanja ndiwo mwera. Ngakhale yatha mphamvu chotero, si mphepo yoseweretsa ayi: namondwe wa nyengo yomweyi ndiye anamiza sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946, ndipo anthu 145 anatsikira m'madzi.

Abale athu ku migodi

Kuyambira zaka zoyamba za m'ma 1900, amuna a dziko lino anali kupita kukakumba golide ku Joni, ambiri polembedwa ndi Wenela. Anachoka kuno ndi malaya amodzi ndi kabudula, osadziwa chimene chinali kuwadikira. Pansi pa mgodi kutentha kwambiri, ndipo munthu agwira ntchito thukuta lili kamukamu. Potuluka madzulo, malaya ali chinyowere, akomana ndi mphepo ya Julayi, nayenda nayo kufikira ku komboni, kumene anagona ambiri m'chipinda chimodzi. Chibayo chinawagwira. Nthendayi idza ndi tizilombo tosaoneka, koma chisanu ndi kuthithikana zinaitsegulira khomo. Anthu ochokera ku maiko ofunda ngati lathu anafa ochuluka chotero, kuti m'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba antchito a ku maiko a kumpoto kuno. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika 1973 Amalawi a m'migodimo anaposa 100,000.

Mumzinda wa Johannesburg chipale sichigwa chaka chilichonse. Chinagwa m'Meyi 1956, m'Ogasiti 1962, m'Juni 1964 ndi m'Seputembala 1981. Ndipo m'zaka zathu zino pa 27 Juni 2007, pa 7 Ogasiti 2012 ndi pa 10 Julayi 2023. Chikagwa mumzinda, anthu atuluka m'nyumba ndi m'masitolo kukachigwira, ana aumba nacho zidole, ndipo mawa lake chasungunuka. Chifukwa cha ichi alendo ena ayesa kuti chipale ndi choseweretsa ana. Koma pamapiri nkhani yake ndi ina.

Usiku wa pa Van Reenen

Pali msewu waukulu wotchedwa N3, wochokera ku Johannesburg kunka ku Durban, mzinda wa pagombe la nyanja yamchere. Usana ndi usiku muyenda malole onyamula katundu wa padoko, mabasi ndi maminibasi. Ndipo Amalawi ambiri okhala m'mizinda iwiriyo ayenda msewu womwewu. Pakati pa ulendo, pakati pa tauni ya Harrismith ndi ya Ladysmith, msewu udutsa pa mpata wa mapiri a Drakensberg wotchedwa Van Reenen, pamene pali chitunda chachitali chokhotakhota.

Linali Lachisanu, pa 20 Seputembala 2024. Kumbukirani mmene kukhalira kuno m'Seputembala: dzuwa layamba kuswa mtengo, mitengo ya m'thengo yaphuka masamba ofiira, atate ali kuthirira nazale ya fodya, ndipo magombeza apindidwa. Ku South Africa nakonso anthu anayesa kuti chisanu chapita, pakuti masiku apitawo kunali kofunda. Sukulu zinatsekera tsiku lomwelo, ndipo mabanja ambiri ananyamuka ulendo wa kunyanja atavala zopepuka. A zanyengo anali atachenjeza masiku angapo m'mbuyomo kuti kukudza mphepo yozizira ndi chipale pamapiri. Ena sanamve, ena anamva, koma anati m'Seputembala sizingatheke.

Madzulo chipale chinayamba kugwa, ndipo sichinaleke usiku wonse. Phula linaterera. Malole olemera analephera kukwera chitunda. Ena anapingasa mumsewu, natseka njira. Pambuyo pake magalimoto anaima, ina kumbuyo kwa inzake, mtunda wa makilomita ambiri, osatha kupita kutsogolo, osathanso kubwerera. Chipale chinakwirira matayala, ndipo pamene mphepo inachiunjika chinazama kuposa msinkhu wa mwana wa sukulu. Ngakhale magalimoto a chithandizo analephera kufika. Zipata zina za m'malire a Lesotho zinatsekedwa.

Taganizani za anthu a m'magalimotowo. Kunja kuli mdima ndi mphepo. Galimoto ndi chitsulo ndi magalasi, ndipo chitsulo sichisunga kutentha monga khoma la dothi ndi denga la udzu. Woyendetsa akaliza injini kuti anthu afunde, mafuta achepa. Akaizimitsa, chisanu chilowa. Chakudya chimene anatenga chinali kamba wa ulendo wa maola ochepa. Munali makanda, munali nkhalamba, munali odwala amene mankhwala awo anatsala kunyumba. Ena anakhala momwemo usiku umodzi, ena usiku uwiri. Asilikali, apolisi, alimi a mafamu oyandikana ndi mathirakitala awo, ndi bungwe la Gift of the Givers, limene ligwiranso ntchito kuno ku Malawi, anabwera ndi mabulangete ndi chakudya chotentha, pamene makatapila anali kukankha chipale kutsegula njira. Msewu unatseguka Lamulungu.

Ambiri anapulumuka, koma si onse ayi. Mayi wina wa zaka 39, amene anagona usiku wonse m'minibasi yotsekeredwa, anakomoka mawa lake galimotoyo itatuluka kale m'chipale, namwalira. Sanagundidwe ndi kanthu, sanataye mwazi. Chisanu chokha ndicho chinamupha.

Mmene chisanu chiphera munthu

Thupi lanu lifanana ndi nyumba imene muli moto wosazima. Nkhuni zake ndi chakudya: nsima, nyemba, mbatata, mtedza. Motowo usunga thupi pa madigiri 37 aja, usana ndi usiku. Chovala sichipatsa kutentha ayi. Chingotsekereza kutentha kwa thupi kuti kusathawe, monga chivundikiro pa mphika. Ndipo chimene chitsekereza kwenikweni ndi mpweya wogwidwa pakati pa nsalu. Chifukwa chake malaya atatu opyapyala, ovala ena pamwamba pa ena, afunditsa koposa chovala chimodzi chochindikala. Taonani nkhuku m'mawa wa Julayi mmene itukumulira nthenga zake, ichita chomwecho.

Akuba kutentha kwa thupi ndi awiri, mphepo ndi madzi. Mphepo ichotsa mpweya wofunda wa pakhungu, monga muuzira phala kuti lizizire. Madzi ndiwo mbala yaikulu, pakuti achotsa kutentha msanga kuposa mpweya nthawi zoposa 20. Munthu wouma apirira usiku umene munthu wonyowa sangauone kucha.

Kutentha kwa thupi kukayamba kutsika, munthu anjenjemera, mano naombana. Kunjenjemerako nkwabwino, ndi thupi likusonkheza moto wake. Kukatsika kunsi kwa madigiri 35, ngozi yayamba. Zala zikana kumanga batani, miyendo ipunthwa pachabe, lilime lilemera, ndipo munthu alankhula ngati woledzera. Anthu ambiri anasiyidwa m'mbali mwa njira chifukwa odutsa anayesa kuti ndi mowa. Pambuyo pake kunjenjemera kuleka. Wosadziwa ayesa kuti mnzake wapeza bwino, koma ndi pamene moto uli kuzima. Munthuyo amva tulo tokoma, napempha kuti amleke agone pang'ono. Ena afika povula zovala, poyesa kuti atenthedwa. Kutentha kukatsika kunsi kwa madigiri 28, mtima ukhoza kuima nthawi iliyonse. Apa ndipo pali kuopsa kwa chisanu: chiyamba chalanda munthu nzeru, kotero kuti iye mwini sadziwa kuti ali kufa. Amene angampulumutse ndi mnzake wa pambali.

Kumene kuli chipale kuli vuto linanso. Thupi, pofuna kusunga mtima ndi mapapo, lichepetsa mwazi wopita ku zala, ku makutu ndi ku mphuno. Ziwalozo zichita dzanzi, zituwa, ziuma, ndipo mnofu wake uundana. Zikakhalitsa chotero zida bii, ndipo adokotala achita kuzidula.

Musayese kuti zonsezi ndi za ku Joni kokha. M'Julayi 2009 mnyamata wina wa ku Brazil, wophunzira kwambiri, amene anayenda maiko ambiri, anakwera phiri la Mulanje. Anasiya womperekeza m'munsi, nalunjika ku Sapitwa yekha. Mitambo inatsika, njira inasowa, usiku unamgwera. Anthu anamfunafuna masiku ambiri, nkhungu ikuwatsekereza, ndipo mtembo wake unapezeka kumayambiriro a Ogasiti. Panalibe chipale chozama pamenepo. Nkhungu, mphepo ndi usiku zinakwanira. Zitatu zimenezi zilipo ndi pa mapiri athu ano. Mbusa wamng'ono wonyowa ndi kamvula ka Juni, wopanda kanthu m'mimba, atasochera ndi mbuzi zake dzuwa litalowa, ali pa ngozi yomweyo.

Mukampeza munthu wogwidwa ndi chisanu

Mchotseni pamphepo, mumlowetse m'nyumba, ndipo pomnyamula mumgwire bwino, osamgwedeza, pakuti mtima wozizira sufuna kudzidzimutsidwa. Mvuleni zonyowa zonse. Musamgoneke pansi penipeni, chifukwa dothi limwa kutentha. Yalani mphasa, ndi udzu wouma kapena masaka pansi pake. Mfunditseni thupi lonse ndi mutu womwe, ndipo wina wa thupi lofunda agone naye m'gombeza limodzi. Yambani kufunditsa chifuwa ndi mimba. Manja ndi miyendo zidzatsata. Ngati ali maso ndipo akhoza kumeza, mpatseni tiyi wa shuga kapena phala lofunda, pang'onopang'ono. Ngati wakomoka musamthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Tumani wina athamange kukafuna chotengera munthuyo kuchipatala, ngakhale aoneke ngati watha kale; pakuti munthu wozizira kwambiri apuma mosaoneka, ndipo ena otere anatsitsimuka atafunditsidwa.

Ziwalo zochita dzanzi musazitikite, ndipo musaziyandikize pamoto, popeza mwini wake samva kutentha, ndipo adzapsa osadziwa. Madzi ofunda pang'ono, amene chigongono chanu chipirira bwino, ndiwo oyenera.

Akulu ena amati kachasu afunditsa. Ndinena mwaulemu kuti pamenepa alakwa. Mowa utumiza mwazi kukhungu, munthu namva ngati wafunda, pamene kutentha kwake kuli kuthawira kunja. Kuli ngati kutsegula zitseko zonse za nyumba kuti a pabwalo aone moto. Ndiponso woledzera agona paliponse. Ambiri amene apezeka atauma m'mawa wa chisanu, kuno ndi ku Joni komwe, anachokera ku mowa.

Amene chisanu chiwagonjetsa msanga ndi nkhalamba ndi makanda. Khanda lobadwa kumene silidziwa kunjenjemera, ndipo mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, motero litaya kutentha msanga. Ndicho chifukwa chake anamwino auza amayi kuti aliveke chipewa, asafulumire kulisambitsa, ndipo aligoneke pachifuwa pawo, khungu kukhudza khungu. Inu amene mubereka ang'ono anu kumbuyo m'mawa, gwirani mapazi awo, akazizira, afunditseni. Ndipo ngati agogo anu agona okha m'kanyumba kawo, pitani m'mawa mukaone ngati adzuka.

Tsono pali msampha wina, umene ugwira anthu pothawa chisanu. Ndiwo mbaula. Ngakhale Azulu aitcha ndi dzina lofanana ndi lathuli, ndipo m'tinyumba tamalata ta m'mbali mwa Johannesburg, mmene mukhala abale athu ambiri, ipha anthu chaka ndi chaka. Makala oyaka atulutsa mpweya woipa umene ulibe fungo, ulibe utsi, suoneka. M'nyumba ya udzu mpweyawo upeza potulukira. Koma m'chipinda cha malata kapena cha simenti, chitseko ndi mazenera zili zotseka, udzaza, nulowa m'mwazi wa ogonawo m'malo mwa mpweya wabwino. Mutu uwawa, thupi lilefuka, tulo tibwera, ndipo m'mawa anansi achita kuthyola chitseko. Otherani mbaula pakhonde kapena zenera lili lotsegula, ndipo muitulutse musanagone. Utsi wa injini ya galimoto uli ndi mpweya womwewo. Chifukwa chake wotsekeredwa m'chipale akhale m'galimoto, asayende pansi kukafuna mudzi umene sauona; koma injini ailize kanthawi kochepa kokha, atayamba wachotsa chipale pa paipi yotulutsa utsi, zenera lili lotsegula pang'ono.

A ku Lesotho, amene akhala ndi chipale chaka ndi chaka, ayenda atafunda bulangete lochindikala laubweya ngakhale masana, ndipo chisanu chikayandikira atsitsa nkhosa zawo kuchoka pamwamba pa mapiri. Sachida chipale, pakuti chikasungunuka chidzaza mitsinje. Ndipo madzi a m'mapiri awo, osungidwa m'damu la Katse, ayenda m'ngalande za pansi pa mapiri kunka ku dera la Johannesburg. Mmalawi wa kumeneko akatsegula mpopi, mwina amwa chipale cha chaka chatha.

Chisanu cha m'dambo

Tibwerere kwathu. Zaka zina, m'Juni kapena m'Julayi, mlimi apita kudimba m'mamawa napeza masamba a nyemba, a matimati ndi a nthochi atafota, ndipo dzuwa likakwera ada ngati apsa ndi moto. Anthu amati chisanu chawotcha. Koma munda wa mnzake wa pamtunda, mapazi mazana awiri okha kuchokera pamenepo, uli bwinobwino. Ena afulumira kuganizira mnansi zoipa. Mlandu ulibe mwini. Chifukwa chake nachi.

Usana nthaka imwa kutentha kwa dzuwa, ndipo usiku ikubweza kumwamba. Kukakhala mitambo, mitamboyo ichita ngati gombeza, nibwezera kutenthako pansi. Koma usiku wopanda mtambo ndi wopanda mphepo, umene nyenyezi ziwala ngati zayandikira, kutentha kuthawa konse. Mpweya wozizira ulemera kuposa wofunda, motero utsetsereka pa zitunda monga madzi, nukasonkhana m'dambo. M'bandakucha udzu wa m'dambo ukhoza kufika pa 0, pamene pamtunda sipanafike. Mame aundana, nayera ngati mchere. Madzi a m'kati mwa tsamba aundananso; ndipo popeza madzi akaundana atupa, aswa timinofu ta tsambalo, ndilo lifa. Alimi ochenjera ayang'ana kumwamba madzulo. Akaona kuti kwayera ndipo mphepo yaleka, athirira dimba, pakuti dothi lonyowa lisunga kutentha koposa louma, naphimba mbewu zanthete ndi udzu, naufukula dzuwa litatuluka.

Ichi mukhoza kuchiyesa nokha. Sabata ino, tsiku limene kwagona kopanda mitambo, dzukani dzuwa lisanatuluke, muvale zofunda, mutsike ndi mkulu wanu kuchokera kumudzi kunka kudambo. Yendani pang'onopang'ono, ndipo muzindikire malo pamene miyendo yanu iyamba kumva kuzizira kwina, ngati mwaponda m'madzi osaoneka. Ikani mwala pamenepo. Bwerezani masiku atatu, muone ngati malowo asuntha, ndipo mulembe m'kope mwanu mmene kumwamba kunaliri usiku wake. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli agogo amene anapita ku Wenela, kapena amalume amene abwera kumene kuchokera ku Joni, akhalireni pansi madzulo pamoto, muwafunse mwaulemu chaka chimene anaona chipale, chimene anavala tsiku limenelo, ndi mmene chinamvekera m'manja mwawo. Lolemba mudzatiuze m'kalasi.